Kopo Yoyamba Inali ya Cacilda

Cacilda anagwa pamzere wa pachipata m'mawa wa Lachiwiri, anthu onse akuona. Khasu linagwera uku, iye uko, kenako anasanza pafupi ndi nsapato za msilikali wowerenga anthu.

Chinali chaka cha 1972, nkhondo itatopetsa aliyense. Anthu a midzi isanu ya kufupi ndi boma la Chifunde anawaunjika malo amodzi n'kuwazingira ndi waya waminga. Apwitikizi ankati ndi aldeyamentu, koma eni ake ankangoti m'waya. Kumunda kunali kopita mochita kuwerengedwa. M'mawa mzere, dzuwa likangopendeka mzere wina wobwerera. Ukachedwa ankati unakapereka chakudya kwa anyamata a m'tchire. Minda inkalimidwa theka, ndipo anthu anali ataiwala kuti kukhuta kumamveka bwanji.

Mai Margarida, amake Cacilda, anagwada n'kumudzutsa mwanayo. Anali wa zaka khumi ndi zinayi, koma anapepuka m'manja ngati mtolo wa udzu. Asanaganize chochita, anamva kale mawu kumbuyo kwawo. Anali Mai Genoveva a nyumba yoyandikana nayo, akumadre awo monga akazi kumeneko ankaitanirana, amene maso awo amaona ndi zimene munthu wadya dzana.

"Akumadre, ine sindinena kanthu," anatero Mai Genoveva, uku akunena ndithu. "Koma mwanayu wasanza kawiri sabata ino, m'mawa mokhamokha. Ndipo asilikali pakhomo panu sasowa. Ine ndangowerenga zala basi."

Akazi a pamzere anayang'anizana. Nkhani m'waya inalibe kopita, ndiye inkangozungulira momwemo. Dzuwa lisanafike pamutu, ena anali atadziwa kale dzina la msilikali wake, ena mwezi umene mwanayo adzabadwe.

Mai Margarida sanapitenso kumunda. Anamugwira Cacilda padzanja n'kumukokera kuposito ya chipatala. Amuna awo, a Abílio, anawatenga zaka ziwiri zapitazo kukagwira ntchito yokakamiza pamsewu wa ku Cassacatiza, ndipo kuchokera apo sipanabwere ngakhale uthenga wapakamwa. Akadzabwera adzawauza chiyani?

Posito inali kanyumba kamodzi kamalata, kogawidwa pakati ndi mpanda wa bango. Enferimeru wake, ndiye kuti namwino, anali Bambo Américo, munthu wa ku Tete wamagalasi omanga ndi ulusi. Ankaoneka ngati sanagone chiyambire nkhondo. Mankhwala amene anali nawo anali kwinini, mankhwala a zilonda aja ofiirira, ndi pakamwa pake.

Anamuyang'ana Cacilda m'maso. Anamufunsa za kumwezi, iye n'kuyankha akuyang'ana pansi. Kenako anati, "Tambasula manja. Ayi, usawaumitse, angokhala." Zala zinkanjenjemera zokha. "Tandipumira kuno." Cacilda anapuma, Bambo Américo n'kubweza mutu.

"Mai, mimba palibe."

"Ambuye alemekezeke!" Mai Margarida anakweza manja.

"Musafulumire kuimba. Mwanayu waledzera. Ola lachisanu ndi chiwiri m'mawa, waledzera. Ndipo manja awa akundiuza kuti si lero lokha."

"Mowa basi?" Mai Margarida anaseka pang'ono ndi mpumulo. "Aa, Bambo, mwandiopseza chabe. Uyu samwa. Amangolawa."

Bambo Américo anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Khalani pansi, Mai. Tandiuzani za kulawako."

Tsono nkhani yake inali iyi. Mai Margarida ankatcheza kachasu wa masau kuseri kwa nyumba yawo. Sanayambe mwakufuna, inawayambitsa ndi njala. Ogula ake akuluakulu anali asilikali a kukwatele, kumsasa wawo, ndipo ankabweretsa mchere, ufa, nthawi zina chitini cha nsomba za sardinya. Koma kwathu kuno mowa superekedwa kwa mlendo mwini wake asanamwepo. Amati kuchotsa ufiti. Asilikali anaumva mwambo umenewu n'kuukonda kwambiri, chifukwa ankaopa kudyetsedwa chiphe. Anaulimbitsanso. Garafa iliyonse, ndiye kuti botolo, ikatsegulidwa, munthu wa pakhomopo ankayenera kumwa kopo yathunthu iwo akuyang'ana, n'kudikira kaye kuti aone ngati sagwa.

Apa ndiye panali povuta. Mai Margarida anali a mpingo, mai wa chigwirizano wa bulauzi yoyera Lachinayi. Mowa sunakhudzepo milomo yawo chibatizidwire. Za kutchezako akulu a mpingo ankayang'ana kumbali, poti nawonso njala ankaidziwa. Koma kumwa pagulu, kumeneko kunali kudulidwa. Ndiye anaganiza, naganiza, mpaka anapeza nzeru imene anaiona ngati yochenjera. Cacilda anali asanabatizidwe. Dzina lake linali lisanalembedwe m'buku la mpingo. Munthu amene sanalembedwe angadulidwe bwanji?

"Ndiye mwaona, Bambo," anamaliza motero. "Tchimo palibe. Ine ndimangophika, iye amangolawa."

"Magarafa angati patsiku?"

"Awiri. Loweruka anayi, mwina asanu."

"Kuyambira liti?"

"Masau a chaka chatha."

"Miyezi khumi," anatero Bambo Américo chapansipansi. "Mai, chiwindi cha mwana sichidziwa za buku la mpingo. Tatulukani pang'ono, ndilankhule naye yekha."

Mai Margarida anatuluka, koma mpanda wa bango subisa mawu. Anaima pamenepo n'kumva zonse.

"Poyamba unkaukonda?" anafunsa Bambo Américo.

"Ayi. Unkandiwotcha. Ndinkafuna kulavula, koma akabu, mkulu wa asilikali uja, ankati ndimeze."

"Nanga tsopano?"

Cacilda anayankha ndi mawu ang'onoang'ono. "Ndikamwa, mizinga imamveka ngati ili kutali. Njala imagona. Za Ababa sindiziganiza."

"Ukapanda kumwa?"

"Mutu umang'ambika. Ndimakhala ngati muli nyerere m'thupi."

"Wa m'mawa uno unautenga kuti?"

"Ndimapungula pang'onopang'ono m'magarafa n'kuthiramo madzi. Ndimabisa m'chigoba cha malambe pansi pa chisa cha nkhuku."

Mai Margarida anagwira pakamwa. Nkhuku imene ankaiyamikira kuti imakhalitsa pamazira!

Bambo Américo anawaitananso. Anawauza kuti jakisoni wa matenda amenewa kulibe, ngakhale ku Tete. "Koma mwabwera nthawi yabwino. Maso ake sanachite chikasu, mimba sinatupe, mutu ukugwirabe. Mukachedwa chaka china, ndidzakuuzani zina. Ndili nawo ana anayi otere, ena a kachasu, ena a chamba cha kwa amilisiya. Amabwera kuno m'mawa uliwonse. Timawiritsa mabandeji, timaphikira phala ana otupikana, timacheza. Mundisiyire kuno masiku anayi oyamba, agone kwa akazi anga, chifukwa thupi lidzavuta ndipo pafunika woliyang'anira. Inu ntchito yanu ndi iyi: asayandikirenso kopo ija. Ndipo musamumenye."

"Ndamva, Bambo."

Anamva ndi makutu okha. Panjira anayamba kuwerengera zawo. Mwana akagone kuchipatala masiku anayi, anthu adzati chiyani? Adzati akukachotsa mimba ija! Nanga Loweruka adzalawa ndani? Atafika kunyumba anapita molunjika kuchisa cha nkhuku, napeza chigoba chija, ndipo manyazi onse a m'mawa anatsikira m'dzanja. Anathyola kamtengo ka mpanda n'kumukwapula Cacilda mpaka mkono unatopa. Cacilda sanalire. Anangowayang'ana.

Madzulo Mai Genoveva anasuzumira pampanda. Anali atakhumudwa pang'ono kuti mimba kulibe, koma nkhani ya mowa inawatonthoza. "Akumadre, za enferimeru zisiyeni, amenewo ndi a mabuku. Mlamu wanga wa ku Nsadzo anamusiyitsa ndi tsabola. Musinje kambuzi, muthire mumowa wakewo. Akangomwa kamodzi sadzabwerezanso."

Anayesa tsabola. Cacilda anatsokomola, misozi mbwembwembwe, kenako anasefa ndi kansalu n'kumwa. Anayesa kubisa magarafa padenga. Anayesa kumulumbiritsa atagwira buku la nyimbo. Anayesa kusamulankhula masiku awiri. Loweruka litafika, akabu atabwera ndi anzawo, Mai Margarida anayang'ana uku ndi uku, n'kuitana ndi mawu otopa, "Cacilda, bwera udzalawe. Lero lokha."

Sabata zitatu zinatha choncho. Mwana ankamenyedwa Lachisanu chifukwa chakumwa, n'kuitanidwa Loweruka kuti adzamwe.

Tsiku lina masana Mai Margarida pobwera kumunda sanamupeze pakhomo. Anafunsa kuchitsime. Akazi anangoloza ndi milomo kumzere wachitatu wa nyumba, kwa Mai Teodora, amenenso ankatcheza. Anamupeza Cacilda atakhala pamtondo pakati pa amilisiya atatu, kopo ili m'manja, akuseka kuseka kwa munthu wamkulu. Mmodzi wa amunawo anali atamuika dzanja paphewa.

"Akumadre, musandiyang'ane choncho," anatero Mai Teodora. "Wabwera yekha. Akuti alawa ulere. Ndipo amaudziwa mwanayu, akangonunkhiza amakuuzani kuti uwu ndi mutu, uwu ndi wotsirizira. Mwamuphunzitsa bwino."

Mawu amenewo anawalasa kuposa kutukwanidwa. Anamugwira Cacilda padzanja. Sanamumenye, mphamvu yake inalibenso. Anadutsa naye pakhomo pawo osaima mpaka kuposito.

Bambo Américo anali akutsuka chilonda cha nkhalamba ina. Anawayang'ana, nayang'ana mikwingwirima ya m'miyendo ya Cacilda, osanena kuti ndinakuuzani. Anangoti, "Mwabweranso. Mwachita bwino. Ambiri sabweranso."

"Ndalephera, Bambo. Ndamenya, ndapemphera, ndathira tsabola."

"Tsabola?" Anatsala pang'ono kuseka. "Mai, mwachita zonse kupatula chimodzi chimene ndinakupemphani. Simungakolope m'nyumba denga likudontha."

"Nanga nditani? Ndikakana kulawitsa, adzati muli chiphe. Adzati ndine wa anyamata a m'tchire. Inu mukudziwa kumene amapita nawo anthu otere."

"Ndikudziwa. Ndine ndimawamanga zilonda akabwerako." "Sindikuuzani kuti n'chapafupi. Koma katundu ameneyu ndi wa munthu wamkulu, ndipo mwamusenzetsa mwana. Musiyeni kuno. Za kopoyo mukaganize nokha."

Masiku anayi amenewo anali aatali. Mai Margarida ankapita m'mawa asanalowe pamzere, ndi madzulo akabwerako. Tsiku loyamba anapeza Cacilda atadzipinda pamphasa, thukuta lili chuchuchu, akazi a Bambo Américo akumumwetsa madzi a mchere ndi shuga pang'onopang'ono. Tsiku lachiwiri anaponya mbale ya phala kukhoma.

"Mwabwera kudzaona chiyani?" anakalipa. "Munandiphunzitsa ndinu! Inu bulauzi yanu ikhale yoyera, ine ndiye wa kuchimbudzi!"

Mwana wa kwathu salankhula choncho kwa amake. Dzanja la Mai Margarida linanyamuka lokha. Bambo Américo anangoti, "Mai," osakweza mawu. Dzanja linatsika. Kunja anawauza kuti, "Ukali umenewo ndi mowa ukutuluka. Koma zimene wanenazo si mowa. Mukabwera mawa, musabwere ndi ulaliki. Mudzangokhala naye."

Tsiku lachitatu anakhala naye, osalankhula, akumuchotsa nsabwe m'mutu. Tsiku lachinayi linali Loweruka.

Akabu anafika masana, dzuwa lili phwee, ndi asilikali awiri ndi kathumba ka mchere. Anali mnyamata wa ndevu zochepa, wotopa ngati wina aliyense, wolankhula Chinyanja chothyokathyoka. Magarafa atatu omaliza anali pamphasa.

"Mama, mwana kuti? Mwana kumwa, ife kumwa."

"Mwana akudwala. Ali kuposito."

Nkhope ya akabu inasintha. Anayang'ana magarafa, nayang'ana Mai Margarida. Msilikali mmodzi anasuntha mfuti paphewa. "Mwana kumwa uyu, kudwala?"

"Ayi! Ayi, Bambo, mowa ndi wabwino."

"Wabwino? Iwe kumwa."

Ndipo taonani tsoka lake. Nthawi yomweyo akazi a chigwirizano anali kudutsa kuchokera kuchitsime, mitsuko pamutu, Mai Genoveva ali patsogolo. Onse anaima ngati mitsuko yawalemera mwadzidzidzi.

Mai Margarida anaganiza zotuma munthu kuposito. Sipatali. Kopo zitatu zokha, lero lokha. Kenako anakumbukira mmene mwana uja anadzipindira pamphasa masiku atatu, ndi kuti zonsezo zikhala zachabe. Anatola kopo yachitini ija, nathira okha mpaka kudzaza.

Anamwa. Moto unatsika kukhosi mpaka pachifuwa, mpweya unathawa, maso anadzaza misozi. Anatsokomola mpaka kugwira pansi. Asilikali anaseka. Akabu anatsegula garafa yachiwiri. Anamwanso. Pa yachitatu nyumba inayamba kupendekeka, mawu a anthu akumveka ngati ali m'madzi, ndipo m'mutu mwawo munatsala ganizo limodzi lokha. Ichi ndicho ndinkamupatsa mwana wanga. Kawiri, kasanu patsiku, m'mimba mulibe kanthu, miyezi khumi ndi umodzi. Ine n'kumati amangolawa.

Akabu anadikira, naona kuti sakufa, natola magarafa ake. Mai Margarida anadzikoka mpaka kuseri kwa nyumba, natola musi, n'kuphwanya mbiya yotchezera ija asilikali asanatuluke pabwalo.

"Uno ngomaliza," anatero lilime likulemera. "Mbiya yasweka."

Anadikira mbama, kapena choposa mbama. Akabu anangoyang'ana mapalewo, nagwedeza mapewa. "Ife kupita Teodora." Basi. Chinthu chimene anachiopa chaka chathunthu chinatha ndi mawu atatu.

Lamulungu akulu a mpingo anawaitana. Mboni zinalipo zambiri, zina zofotokoza ndi zimene sizinachitike. Anawadula miyezi isanu ndi umodzi, azikhala benchi lakumbuyo, bulauzi aisunge m'bokosi. Mai Margarida anavomera osatsutsa. Anangopempha kulankhula mawu amodzi.

"Mwandidula chifukwa cha kopo zitatu zimene ndinamwa ine. Ndalandira. Koma za kopo zimene ndinamwetsa mwana chaka chonse, palibe anandifunsapo, ndipo nonse munkaona. Tchimo langa lalikulu ndi limenelo."

Ngakhale Mai Genoveva anapeza chochita ndi mphonje ya nsalu yawo.

Cacilda anabwerera kunyumba ataonda, wosalankhulalankhula. Za kopo zitatu zija anali atazimva kale, poti m'waya nkhani inkafika munthu asanafike. Anangotenga tsache n'kusesa mapale a mbiya amene amake anali asanawachotse.

M'mawa uliwonse ankapita kugulu la kuposito. Bambo Américo anakapempha kwa mkulu wa pachipata kuti ana asanuwo aziwerengedwa ngati antchito a chipatala. Ankawiritsa mabandeji m'mgolo, kuwayanika, kuwakulunga. Ankasinja mtedza wa phala la ana. Phala likamapsa ankakhala pansi, Bambo Américo n'kufunsa mmodzimmodzi, "Dzulo linatha bwanji? Chilakolako chinabwera nthawi yanji? Unatani?" Wonama anzake ankamuseka mpaka anene zoona. Amene wagwa sankathamangitsidwa, ankangoyambiranso kuwerenga masiku ake. Loweruka ankaitana makolo, ndipo kumeneko Mai Margarida anaphunzira kufunsa mwana popanda kumuweruza, ndi kuzindikira tsiku loipa lisanaipiretu.

Pakhomo njala inakula, tisaname. Mchere unatha, sardinya anaiwalika. Mai Margarida anayamba kuphika thobwa ndi kusinja masau ouma n'kuumba timikate togulitsa pachipata. Sizinkakwana. Masiku ena ankagona ndi phala la madeya.

Ndipo panali chinthu china chimene chinkawasowetsa mtendere. Asilikali anasamukira kwa Mai Teodora, ndipo wolawa kumeneko tsopano anali Feliciana, mwana wawo wa zaka khumi ndi chimodzi. Anawauza ndi Cacilda yemwe. "Amai, Feliciana akulavulabe. Akadali poti angasiye msanga."

Mai Margarida anapita kwa Bambo Américo, ndipo awiriwo anayenda khomo ndi khomo kwa akazi onse asanu ndi awiri otcheza kachasu m'waya. Anakumana Lamulungu masana pansi pa mlambe wa kuseri kwa posito. Panali phokoso.

"Inu mwasiya, ndiye mukufuna tonse tife ndi njala?" anatero Mai Teodora. "Mwatembenuka mtima dzulodzuloli, lero mwasanduka mlaliki!"

"Sindinati musiye, akumadre. Nkhokwe yanu sindiidziwa. Ndikuti wophika alawe yekha. Mwana asalawe, asanyamule garafa, asasonkhezere moto pambiya. Ngati mowawo ndi wabwino, imwani ndinu."

"Ine mutu wanga suchedwa kuzungulira."

"Nanga wa Feliciana ndi wamwala?"

Akazi anaseka, Mai Teodora n'kutukwana chapansipansi. Bambo Américo anawafotokozera kuti thupi la mwana limazolowera mowa msanga kuposa la wamkulu, ndipo anawauza zoyang'ana: mwana wosafuna kudya m'mawa, wokwiya popanda chifukwa, wotafuna masamba a bwemba kuti abise fungo, wosiya anzake akale n'kumakhala ndi akuluakulu. "Mukaona chimodzi, musadikire chachiwiri. Bwerani naye. Sindilemba dzina la munthu, sindiuza a kukwatele."

Anagwirizana, ena mokondwa, ena mokoka miyendo. Wapolisi wa pangano limeneli sanachite kusankhidwa. Mai Genoveva anadzipereka okha, ndipo kwa nthawi yoyamba maso awo aja anagwira ntchito yothandiza. Mwana akangodutsa ndi garafa, dzuwa lisanalowe amake anali atamva kale kuti m'waya monse mwadziwa. Mwezi usanathe akazi atatu anasiya kutcheza, poti kulawa okha kunawakanika. Feliciana analowa gulu la kuposito.

Cacilda anagwa kamodzi. Munali mu Novembala, tsiku limene ndege za nkhondo zinazungulira kuphiri kuyambira m'mawa, ndipo kunamveka mphekesera yoti anthu a pamsewu wa ku Cassacatiza aphedwa. Anasowa masana onse, nabwera akununkha. Anaima pakhomo akudikira ndodo. Mai Margarida anamva mkwiyo ukukwera, komanso kutopa kwa munthu amene walima munda wonse n'kuona madzi akukokolola. Anapuma kaye. Anamuyalira mphasa, namuikira madzi pambali.

M'mawa anamufunsa, "Unali kuganiza za atate ako?"

Cacilda anagwedeza mutu, n'kuyamba kulira, kulira kumene sanalire tsiku la ndodo lija.

"Inenso," anatero amake. "Tsiku lina ukadzamva choncho, udzandipeze kaye ine. Tizidzaopa limodzi. Samba, ndikuperekeze kwa Bambo Américo."

Mvula inabwera mochedwa. Mu Januwale udzu unapambana chimanga, ndipo poti maola a kumunda anali ochepa, anthu anayamba kupalira mwa dima, lero munda wa uyu, mawa wa uyo. Tsiku la munda wa a Zacarias, nkhalamba yokonda nthabwala, kunali mowa wa masese wothokozera olima. Atamaliza ndime anakhala mozungulira pamthunzi, chipanda n'kuyamba kuyenda dzanja ndi dzanja.

Mai Margarida anali kutsidya kwa bwalolo pamene anaona chipanda chikuyandikira kwa Cacilda. Mtima unati adzuke, akachilande. Koma anakumbukira zimene anaphunzira Loweruka lina kuposito, kuti sadzakhalapo pa chipanda chilichonse cha moyo wa mwanayo. Anakhalabe pansi, zala zitakumba dothi.

Chipanda chinafika. Cacilda anachilandira ndi manja awiri mwaulemu. Anachiyang'ana nthawi yotalikirapo.

"Imwa, mdzukulu, walima ngati mwamuna," anatero a Zacarias. "Awa ndi masese chabe, chakudya ichi. Kapena ukundikana ukwati?"

"Ukwati sindinakane, agogo," anayankha Cacilda. "Koma mowa wanga wa moyo wonse ndinamwa kale chaka chatha. Uwu ndi wanu." Anapatsira chipanda kwa woyandikana naye, natola chikho cha madzi.

Anthu anaseka, a Zacarias n'kuwomba m'manja kuti mkazi wotere ndiye wosunga chuma. Mai Margarida sanaseke. Anamasula zala m'dothi pang'onopang'ono, nayang'ana kumbali kuti anthu asaone nkhope yawo. Mluzu wa pachipata unalira chapatali. Ananyamuka, natola makasu onse awiri, lawo ndi la mwana, n'kusenza okha ulendo wonse wobwerera.

Nkhondo inali isanathe, ndipo a Abílio anali asanamveke. Koma Cacilda anatha chaka chimenecho osamwanso, ndipo ndiye ankalandira ana atsopano kugulu la kuposito.

Makolo anzathu, mowa ndi chamba sizilowa mwa mwana tsiku limodzi. Nthawi zambiri zimayambira pakhomo, ndi mawu oti "angolawa" kapena "angonyamula". Mwana asalawe mowa, asatumidwe mowa, asagwire ntchito ya mowa, kaya mwambo ukutero, kaya njala yavuta. Mukaona zizindikiro, musabise chifukwa cha manyazi, ndipo musadalire ndodo. Lankhulani naye modekha, chotsani chimene chikumukoka, ndipo pitani naye msanga kwa azaumoyo. Akagwa, mudzutseni muyambirenso. Mwana wothandizidwa msanga amachira.